Kukonza Nyumba ya Bambo, Eni Ake Ali Momwemo

Lolemba, 2 Juni

Ntchito yayamba. Mmisiri wafika 9 koloko, atalonjeza 6. Wilibala imodzi, mafosholo awiri, levulo yoyezera makoma yong'aluka galasi, ndi pakamwa. Pakamwapo ndiye chida chachikulu. Ndamutcha Mawamawa, chifukwa chilichonse chimene ungamufunse, yankho ndi lomwelo.

Nyumbayi anamanga ndi Bambo, ndi manja awo, ine ndisanabadwe. Zaka 43. Malata adzimbiri, siling'i yofufuma, makoma a mtundu wa tiyi wogona. Kuseri ndiye manyazi enieni: fumbi, mtengo wa mapeyala, benchi, mpopi, chimbudzi chapanja, ndi waya. Waya paliponse. Kuchoka pakhomo la kukhitchini mpaka pamtengo, pamtengo mpaka pampopi, pampopi mpaka kuchimbudzi. Mlendo amayesa timachapira chipatala chonse. Si woyanikapo zovala. Ndi msewu wa Bambo. Chisiyire maso awo kuona, chaka chachisanu ndi chitatu chino, amayenda dzanja lili m'mwamba, kutsata wayayo ngati munthu woimirira m'basi.

Ine ndi mkazi wanga tinasamukira muno Mayi atamwalira, kuti "tiziwayang'anira." Tili m'kachipinda komwe ndinkagona ndili mwana wasukulu. Bedi litalowa, mpweya unatuluka. Mwana ali m'njira, miyezi isanu. Chipinda chachikulu, cha mawindo awiri, muli munthu amene windo alibe nalo ntchito.

Ndalemba zimenezo? Ndalemba. Bukuli ndi langa.

Lachitatu, 4 Juni

Achemwali aimba foni. Namwino ndi namwino, ngakhale moni amapereka ngati akubaya jekeseni. Lamulo lawo silinasinthe: Bambo akhala m'nyumba yawo malinga akudziyendera okha, kusamba okha, kupita kuchimbudzi okha. Tsiku limene adzalephere, Achemwali adzabwera kudzawatenga, akakhale nawo kufulati kwawo, pansanjika yachitatu. Bambo amati kumeneko ndi khola la nkhunda. Akuti kuli bwino tiwakweze pawilibala tikawataye kudzala.

Akachoka, nyumba itsala ndi ine. Aliyense akudziwa, palibe amatchula. Ngati fungo m'basi yodzaza.

Madzulo ndawafotokozera Bambo pulani. Malata atsopano, penti, chimbudzi cha m'nyumba. Kuseri tiyale njerwa, kapinga m'mbali, miphika ya maluwa, kakhumbi kochezerapo alendo. Chithunzi anachipeza pafoni ndi mkazi wanga, amene kuyambira lero ndi Anduna a Zokongoletsa. Bambo anamvetsera mutu uli pambali. Kenako: "A Digiri, kodi kukoleji anakuphunzitsani kukhoma msomali, kapena mumangoulembera kalata?"

Zaka zinayi za koleji. Dzina ndinatulukako nalo ndi limenelo.

Loweruka, 7 Juni

Waya wachoka. Ndadula ndekha ndi pulayala yobwereka. Chifukwa chake: makwerero ndi wilibala sizikudutsa. Zoona ndithu. Theka lake.

Bambo atamwa tiyi anatuluka, nakweza dzanja monga mwa masiku onse. Anagwira mphepo. Anasunthira kumanja, mphepo. Anangoima choncho pakhomo, dzanja m'mwamba, ngati mwana wodziwa yankho amene mphunzitsi sakumuona. Ine pawindo, tiyi anatulukira m'mphuno. Anduna anati sizoseketsa, koma nawonso anayang'ana kumbali mapewa akugwedezeka.

Ndinawauza kuti ndi zakanthawi chabe. Iwo: "Maso anganso adokotala anati ndi zakanthawi."

Tsiku lonse m'nyumba. Kuchimbudzi kawiri, atagwira phewa langa. Dzanja lolemera, lokhakhala ngati njerwa. Sindimakumbuka kuti linandigwirapo liti popanda kundimenya kapena kundikankhira kumbali kuti ndikuwononga matope.

Lachiwiri, 10 Juni

Malata akukwera. Phokoso kuyambira m'mawa. Bambo pabenchi, nkhope kudenga, ngati akumvera ulaliki. Mwadzidzidzi: "Amisiri, msomali wachitatuwo walowa m'mphepo, sunapeze mtengo." Mawamawa anakana, analumbira, kenako anasuzumira. Zoona.

Kuyambira pamenepo amawatcha Akuluakulu, ndipo masana amadyera pafupi nawo, atanjuta, kufunsa za maziko ndi kapendekedwe ka denga. Ine amanditcha bwana. Ndilo dzina la munthu amene amalipira koma sadziwa kanthu.

Ndipo nkhalamba yapeza njira. Yavula nsapato. Ikuwerenga mapazi, milomo ikuyenda. Khomo mpaka benchi, 23. Benchi mpaka mpopi, 9. Mpopi mpaka chimbudzi, 14. Zidendene zikudziwa muzu wa mpeyala, ngalande ya madzi, simenti yosweka pamene Mayi ankatsukira mbale. Akuwerenga bwalo ndi mapazi monga ine ndimawerengera nyuzipepala. Masiku atatu okha, phewa langa alichotsa ntchito.

Ndikanayenera kusangalala.

Lamlungu, 15 Juni

Achemwali anabwera ndi chikwama chawo. Shuga, kuthamanga kwa magazi, zikhadabo za kuphazi. Ine sanandiyeze, anangondiyang'ana, zomwe zimapweteka kuposa. Anafunsa za waya. Ndinayamba kufotokoza za makwerero, mawu akoleji akutuluka okha. Bambo anandidula: "Waya ndinamukana ndekha, ankanditopetsa phewa."

Bodza. Anandinamira ine, kapena anadzinamira okha, sindikudziwa. Kenako ananyamuka, ulendo wa kuchimbudzi, kupita ndi kubwera, chifuwa patsogolo ngati msilikali pa perete. Mawamawa akanakhalapo akanaomba m'manja.

Achemwali akuti adzabweranso pa 12 Julayi, ntchito ikatha, kudzaona ngati nyumba yatsopano ikuwayanja. Ndalemba tsikulo pakalendala. Mayeso. Koma sindikudziwa akulemba ndani.

Lachinayi, 19 Juni

Njerwa zikuyalidwa kuseri. Zosalala, zofanana zonse ngati mano ogula. Muzu wadulidwa, ngalande yakwiriridwa, simenti ya Mayi yapita pawilibala. Nyuzipepala ya Bambo yasanduka pepala loyera.

Mawamawa anandiitanira pambali, akukanda m'khosi. Akuti bwanji tiyale mzere umodzi wa njerwa zokhakhala, kuchoka pakhomo mpaka pabenchi ndi kuchimbudzi, kuti mapazi a Akuluakulu aziutsata. Sawonjezera mtengo, njerwa zakale zilipo. Nzeru yabwino. Yabwino kwambiri moti inandikwiyitsa. Ndinamuonetsa foni: "Pachithunzipa mukuonapo mzere?" Anayang'ana foniyo, anayang'ana ine, nakatenga fosholo.

Khomo la kukhitchini nalo lasuntha. Mita imodzi ndi theka kumanzere, kuti liziyang'anana ndi kakhumbi. Pakhomo lakale pali khoma. Anduna anafunsa ngati n'kofunikadi. Ndinati pulani ndi pulani.

Chimbudzi cha m'nyumba: mawa. Mapaipi sanabwere. Sindikuwafulumiza.

Ndalama ya mapeyala a chaka chino ndaiwerengera kale m'mutu, yonse ithera penti.

Lachisanu, 27 Juni

Sabata osalemba. Panalibe choseketsa, kapena chinalipo chambiri.

Masiku atatu otsatizana Bambo akhala akugunda khoma pomwe panali khomo. Phazi limakumbuka zaka 43, silimva za pulani. Pachipumi chotupa ngati dzira. Ndinawauza kuti akuyesa ngati pulasitala wauma.

Lero ndinaweruka msanga. Ndili pakhonde la kuseri ndi nyuzipepala, iwo anatuluka, ulendo wa kuchimbudzi. Mapazi 23, benchi palibe, anaiphonya ndi mkono umodzi. Anatembenuka. Anatembenukanso. Basi, kumpoto ndi kumwera zinasakanikirana. Munthu kusochera m'bwalo la mamita khumi, limene anayeza yekha ndi chingwe. Anazungulira, manja patsogolo, mpaka anakafika kumpanda. Anaima pamenepo atagwira mpanda. Ndinaona buluku likusintha mtundu, kuyambira pamwamba kutsika.

Kukhosomola kokha kukanakwana. Akanadziwa kuti khonde lili uku. Kukhosi kunali kukuyabwa, ndinameza malovu.

Anduna anawapeza pomwepo pochokera kuntchito. Anataya chikwama, kuwagwira chigongono, kuwalankhula ngati palibe chachitika, za mtengo wa sopo, za kutentha. Bulukulo anachapa okha, ndi mimba yawoyo. Kwa ine mawu anatuluka nthawi ya chakudya: "Ine ndinkafuna chipinda, osati izi."

Ngati kuti chipinda chimagwa kumwamba.

Lachiwiri, 1 Julayi

Nkhalamba siigonja. Mawamawa akuti tikangochoka m'mawa, sukulu imayamba. Khomo, benchi. Benchi, khomo. Kakhumi, kakhumi kawiri. Wailesi amaisiya pabenchi ikulankhula, kuti iziwaitana. Pansi pa mpopi aikapo chitini, madzi akudontha, tho, tho, tho. Akamva chitini kudzanja lamanja, chimbudzi chili kutsogolo.

Ndakonza mpopi. Ine. Sipanala, kamphira katsopano, chala chimodzi chotupa. Ntchito yanga yoyamba yamanja chibadwire. Madzi ndi odula, aliyense angavomereze.

Bambo anamvetsera kachetechete uja nthawi yaitali. Kenako: "A Digiri aphunzira ntchito." Ndinayembekeza mbola kumapeto kwake. Panalibe. Kapena inalipo, yalowa osamveka.

Lachisanu, 4 Julayi

Popanda chitini akuyendabe. Dzuwa patsaya, fungo la penti kukhoma, mthunzi wa mpeyala pamutu. Ndawawerengera nthawi pawotchi: kupita ndi kubwera, mphindi zinayi, osakhudza kanthu. Zaka 76. Ine makiyi a njinga yamoto ndimawafuna mphindi khumi, ndi maso awiri ndi magalasi.

Miphika yafika. Isanu ndi itatu, ya simenti, yofika m'mawondo. Anaiyendera umodziumodzi, kuisisita m'milomo, kuigogoda ndi ndodo. Aipatsa mayina. Iwiri ya pakhomo ndi azilamu awo a Mayi, akuti chifukwa imangokhala kudikira kuthiriridwa. Wopendekeka ndi Mawamawa. Waukulu kwambiri, wa pafupi ndi benchi: "Awa ndi a Digiri. Aakulu, okongola, m'kati dothi lokhalokha."

Mawamawa anaseka mpaka kukhala pansi. Anduna anathawira kukhitchini. Inenso ndinaseka, mano okha.

Masiku asanu ndi atatu kuti Achemwali abwere. Pamene zilili apa, akhoza ndi malikisi onse.

Lachiwiri, 8 Julayi

Ndayamba kusuntha miphika.

Nthawi imene Bambo akusamba. Pang'ono chabe, phazi limodzi. Lero uwu, mawa uwo. Ndimaupendeketsa n'kuugudubuza pa m'mphepete, sulira. Luso limabwera ndi kuchita, Bambo ankatero.

Miyendo yawo kutsogoloku yasanduka mapu. Zilonda zitatu, china chikuchucha. Munthu wa shuga chilonda sichipola msanga, ndikudziwa, ndinawerenga. Samakuwa. Amangoima, kupuma, kusisita mphikawo ngati mbuzi yosochera, n'kuyambanso kuwerenga. Dzulo ndinamva akuuza wailesi: "Miphika ya masiku ano ili ndi miyendo."

Anduna ndinawauza kuti maluwa akufuna dzuwa. Anapita kukagula choko, kulemba mzere kuzungulira mphika uliwonse, ndipo madzulo amaikankha ndi bondo kuibwezera m'malo, akubuula. Ine m'mawa ndimathirira maluwa. Choko sichilimba m'madzi.

Banja lathu tsopano ndi limenelo. Wina kukankhira uku, wina uko, osalankhulana.

Mawamawa wasiya. Kakhumbi kalibe denga, chimbudzi chilibe chitseko. Anatsuka mafosholo ake bwinobwino, anakagwira Bambo dzanja ndi manja awiri, kenako kwa ine: "Bwana, mawa sindibwera." Koyamba mawa lake kukhala loona.

Lachisanu, 11 Julayi

Bambo anandiitana masana kuti ndiwamete ndevu, Achemwali asawapeze ngati chitsamba. Pabenchi, beseni, sopo, lezala. Khosi lili m'mwamba, maso oyera aja ali kwa ine ngati akuona.

Nditamaliza anandigwira pamkono, natsitsa zala zawo m'chikhatho changa. Matuza anayi, khungu losupuka m'mphepete mwa zala. Anakhudza lililonse, osafulumira.

"Manja akhakhala. Mukugwira ntchito yanji masiku ano, a Digiri?"

Ndinati mpopi uja. Anagwedeza mutu. Akuti simenti imadya khungu, ndizipaka mafuta ndisanagwire. Anandisiya.

Beseni ndinakataya kukapinga, ndinaima kumeneko nthawi yaitali. Ndinaganiza zosiya. Zoona, ndinaganiza. Kenako ndinalowa m'kachipinda kathu, ndinagunda bondo pabedi, ndinayeza ndi maso pomwe pangakhale kabedi ka mwana. Pamwamba pa wadiropu, mwina.

Mawa mayeso.

Loweruka, 12 Julayi

Ndilemba mwadongosolo, monga lipoti.

7 koloko Bambo akusamba, ndinagudubuza a Digiri. Osati phazi limodzi. Pakati penipeni pa njira ya kubenchi. Msana unalira. Anduna anali kumsika.

10 koloko Achemwali afika. Anayamikira malata, anayamikira penti, anagogoda njerwa ndi chidendene. Anaona miyendo ya Bambo, nkhope inasintha. Bambo anati ndi udzudzu, amakanda. Achemwali anati chabwino, tiyeni panja tione.

Bambo anatuluka atavala jekete ya ku ukwati wanga, ndi nsapato zopolishidwa. Nsapato. Mwezi wathunthu akuyenda opanda nsapato, lero nsapato. Ine ndinaima kukhoma, phee, ngakhale kupuma ndinkachita kuba.

Anayenda mowongoka, milomo osayenda. Khumi, khumi ndi limodzi, ndinkawerenga ndine. Atatsala phazi limodzi, anaima. Ndodo inapita patsogolo: go. Anagogoda kumanja kwa mphika, kumanzere kwake. Malo okwana wilibala mbali zonse ziwiri. Aupeza. Basi, ndaluza, ndinatero mumtima, ndipo chinachake m'chifuwa chinamasuka, sindinama.

Kenako anatembenuza nkhope. Osati kwa Achemwali. Kwa ine, kukhoma kuja, ndendende pamene ndinaima. Anakhala choncho mwina masekondi atatu.

Ananyamula ndodo, naipana m'khwapa, nayenda kulowa mumphikawo.

Thupi lonse. Sanatchinjirize ndi manja. Chibwano panjerwa, phokoso lake ngati dzungu lagwa pangolo. Magazi pajekete, dzino limodzi pansi, panjerwa zanga zosalala.

Achemwali anakuwa, anagwada, thonje, bandeji. Akupukuta anandifunsa ngati mphikawo umakhala pamenepo masiku onse. Pakamwa panga panatseguka. Bambo anayankha ndi milomo yotupa: "Chibwerere uli pomwepa. Ndine ndaiwala. Ndakalamba, mwana wanga, miyendo yatha. Nditenge."

Anduna atabwera anapita kukalongedza zovala zawo. Anapeza sutikesi ili kale pabedi, yotseka, wailesi pamwamba, chingwe chake chokulunga bwino. Anabwera kudzandiuza ndi mawu a munthu wowerenga nkhani za maliro.

Pokwera galimoto ndinapereka phewa. Anagwira chitseko.

1 koloko anali atapita. Lipoti latha.

Lamlungu, 20 Julayi

Chipinda chachikulu ndapenta kawiri. Ndimagonamo ndekha. Anduna akuti kachipinda kakang'ono kawakwana, iwo ndi mwana wawo. Wawo.

Dzulo anzanga a kuofesi anabwera kudzaona kuseri. Anakhala m'kakhumbi kopanda denga, anajambula maluwa, wina akufuna nambala ya mmisiri. Anati tafotokoza, paja iwe nkhani umazitha, nkhalamba inalola bwanji. Ndinayamba bwino. Za dzanja m'mwamba anaseka. Za msomali wa m'mphepo anaseka. Za mayina a miphika wina anatsamwa ndi chakumwa. Atafunsa kuti ndiye zinatha bwanji, ndinapita kukatenga madzi oundana.

Lero ndaimbira Achemwali. Akuti chibwano chikupola, asoka kanayi. Akuti ndi wodwala wabwino, wofatsa, savuta. Amakhala pampando pomwe wawasiya mpaka utawachotsa. Kuchimbudzi mapazi asanu ndi limodzi okha, koma amadikira wina awagwire dzanja. Ndinafunsa ngati akuwerenga mapazi. Akuti kuwerenga chiyani?

Ndinati apatseni foni. Ndinamva masilipasi a Achemwali, chitseko, mawu awo: mwana wanu wamng'ono uja, a Digiri, akufuna akupatseni moni. Kenako mawu a Bambo, patali pang'ono, omveka bwino, opanda mkwiyo:

"Muuze ndili kuseri."

Achemwali anabwerera pafoni akuseka. Akuti wamva? Kuseri kwake kuti, pansanjika yachitatu? Akuti mutu wayamba kusokonezeka, tinachita bwino kuwachotsa nthawi yake, ndipo iwe mchimwene wanga unapirira, Mulungu akudalitse.

Ndinati zikomo.